Bokosi Lopanda Nambala

Ntchito yanga ndi ya cholembera chakuda.
Anzanga amakumba ndi timipeni ndi tizitsulo,
amasesa dothi ndi miswachi,
ine ndimakhala pakhomo pa tenti
n'kumalemba manambala pamakatoni.
Kuno kumapiri a Quiché nkhungu imatsika dzuwa lisanapendeke,
pepala limanyowa, inki n'kumayenderera.

Lipoti la asilikali la chaka chija linati:
zigawenga khumi ndi chimodzi.
Kope la katekisiti, lomwe linagona zaka makumi awiri
m'chitini cha shuga pansi pa khola la nkhuku,
linati anthu makumi anayi ndi atatu,
aliyense ndi dzina lake ndi la bambo ake.
Ife tinabwera kudzafunsa dzenje.

Dzenje silifulumira kuyankha.
Lolemba linatipatsa jombo, phazi lili momwemo.
Lachitatu linatipatsa chingwe cha nayiloni, chikadali chomanga,
ngakhale manja amene chinamanga anamasuka kalekale.

Mayi Feliciana Cedillo amafika ife tisanamwe khofi.
Amakhala m'mphepete, siketi yawo yofiira itafunda mawondo,
kandulo ili m'botolo kuopa mphepo.
Chisipanishi sachidziwa, amatimasulira ndi mdzukulu wawo.
Tsiku lachisanu ndi chinayi anaimirira, n'kuloza:
chigamba icho, pabondo la buluku, ndinasoka ndine,
ndi ulusi wobiriwira chifukwa wakuda unali utatha.
Anakwiya nane tsiku limenelo, ankati anzake amuseka.
Ndinafufuta 17, n'kulemba Gaspar.
Kenako ndinabwezeranso 17 pambali pake,
pakuti ku ofesi amafuna nambala.

Sabata lachitatu, cha kumunsi kwenikweni,
Dokotala Amílcar anasiya kusesa.
Anavula magalasi, anawapukuta pamalaya, anawavalanso.
M'chiuno mwa wa nambala 38
munali timafupa ngati minga ya nsomba,
kachigaza kopyapyala ngati chikhokhombe cha dzira.

Fomu yanga ili ndi mipata itatu:
mwamuna, mkazi, zaka.
Kope la katekisiti linangoti Magdalena Raymundo, zaka 19.
Ndinafunsa: ndilembe 44?
Dokotala anati timawerenga amene anabadwa.
Ananena motsitsa mawu, maso ali pa jombo zake.

Mlongo wake wa Magdalena, Tiburcio,
wa imvi tsopano, wogulitsa anyezi pamsika wa Nebaj,
anagwira chipewa pachifuwa n'kunena kuti
dzina linali litasankhidwa kale,
kansalu koberekera kanali katalukidwa theka.
Munthu wopatsidwa dzina, anatifunsa, angakhale bwanji palibe?

Usiku ndinalephera kugona m'kalasi momwe anatigoneka.
Ndinkaganiza za likulu, komwe 43 wathuyu
adzathiridwa m'chiwerengero chachikulu
ngati kapu ya madzi mumtsinje wodzaza,
wina n'kulemba patsogolo pake mawu akuti pafupifupi.
Pafupifupi.
Mawu afupi chonchi, koma mogona anthu angati?
Midzi ingati yapindidwa miyendo kuti ikwanemo?
Ena adzati achulutsa, ena adzati achepetsa,
adzakangana pa wailesi, kenako padzabwera zampira.

M'mawa ndinakhuthula bokosi la makandulo,
ndinayalamo thonje la m'thumba la mankhwala.
Dokotala anandiona, anatembenuka kukasuta.
Kunja kwa bokosi sindinalembe kanthu.
M'kati mwa chivundikiro, ndi pensulo,
ndinalemba zomwe Tiburcio anandinong'oneza.

Lipoti langa likuti makumi anayi ndi atatu.
Ndinasaina ndine, dzanja silinanjenjemere.

Patapita chaka ndi miyezi tinawabweza kwawo.
Mabokosi a paini, aafupi, pakuti mafupa safuna malo,
anakwera phiri pamapewa, mvula ikuwaza,
oimba malimba akuterereka m'matope kumbuyo.
Ndinaima pachipata cha manda, mndandanda uli m'manja,
ndikuchonga lililonse likamadutsa.
La Magdalena ananyamula Tiburcio yekha.
Anakana womuthandiza,
ndipo ankayenda pang'onopang'ono, kusankha popondapo,
ngati munthu woopa kudzutsa mwana.